Mmene Mungachepetsere Katundu M'nyumba Popanda Kudana ndi Abale

Nyumba zambiri kuno ku Salima zili ndi chipinda chimodzi chimene simugona munthu, ngakhale kuti ana akugona mothithikana pabalaza. M'chipindamo mumakhala bokosi lachitsulo, matiresi otha, wailesi imene inaleka kulira kalekale, maukonde ong'ambika, njinga yopanda matayala, makope a ana amene tsopano ali pa mabanja awo, ndiponso thumba la zovala za munthu amene anatisiya. Aliyense pabanjapo amadziwa kuti zinthuzi sizikuthandiza munthu, koma palibe amene amafuna kuyamba kunena kuti zichoke, chifukwa wonena zimenezi amaoneka wouma mtima, ndipo pena amaganiziridwa kuti diso lake lili pa chuma cha malemu.

Komatu m'mbali mwa nyanja muno katundu wotsekeredwa m'chipinda sasungika. Kutentha kwa mu Okutobala kumaumitsa zikopa ndi mphira mpaka kuthetheka, chinyontho cha m'dzinja chimabweretsa nkhungu pa nsalu ndi dzimbiri pa zitsulo, ndipo chiswe chimadzera pansi n'kudya mapepala onse m'katoni pamwamba pakuoneka pabwinobwino. Mu 2024 madzi a m'nyanja anakwera n'kulowa m'nyumba za anthu ku Senga Bay ndi m'madera ena a m'mphepete, ndipo anzathu a ku Dwangwa anavutika ndi madzi osefukira chaka chomwecho. Pa nthawi yotere munthu amathawa ndi zimene manja ake angathe kunyamula, ndipo chikalata cha malo chimene chili pansi pa mulu wa zigubu sichipezeka. Zinthu zosungidwa mwanjira imeneyi zidzatha ndithu, mufune musafune, choncho ndi bwino kuti musankhe nokha zotsala nthawi ikadalipo.

Nthawi yake ndi poyambira

Nthawi yabwino ya ntchitoyi ndi kuyambira mu Ogasiti kufikira kumayambiriro kwa Okutobala, zokolola zitalowa kale m'nyumba, dzuwa lili lokwanira kuyanika chilichonse, mvula isanayambe. Yambani m'mamawa kusanatenthe, ndipo musatulutse katundu wa nyumba yonse tsiku limodzi, chifukwa mudzatopa, kudzada, ndipo mudzangobwezera zonse mmene zinalili. Chipinda chimodzi, ngakhale ngodya imodzi yokha, n'chokwanira pa tsiku. Yalani mikeka pamthunzi kuseri kwa nyumba, osati kumaso kumene aliyense wodutsa adzaima n'kuyamba kupempha inu musanaganize n'komwe. Valani nsapato zotseka, mangani kansalu pamphuno, ndipo gwedezani thumba lililonse ndi ndodo musanapisemo dzanja, popeza zinkhanira ndi njoka zimakonda malo amdima osasunthidwa.

Ambiri akatenga chinthu m'manja amayamba kudzifunsa ngati n'chofunikabe, pamene funso loyenera kutsogola n'lakuti chinthucho n'cha yani. Kwathu kuno chinthu chikhoza kukhala m'nyumba mwanu zaka 10 osakhala chanu. Mphika waukulu uja mwina ndi wa amayi a Chigwirizano wophikira pamaliro, mtondo unabwerekedwa kwa azakhali, ukonde munagula mosonkherana ndi alamu anu, ndipo wailesi inasiyidwa ngati chikole ndi munthu amene sanabwezebe ngongole. Cha eni chibwerere kwa eni, ndipo ntchito imeneyi yokha imatsegula malo ambiri. Zotsalazo zipatuleni monga mmene mumachitira popeta mpunga, kuti zimene mukugwiritsa ntchito zikhale mbali ino, zopatsa ndi zogulitsa mbali iyo, zotaya pazokha, ndiponso zofunika kufunsa kaye abale pazokha. Mulu wa zimene mukuti muganizabe ukhale waung'ono, chifukwa mukaulekerera umameza milu ina yonse.

Yambani ndi zinthu zosakhudza mtima, monga zigubu zobooka, mabeseni osweka, mapoto opanda zogwirira, majumbo, mabotolo, nsapato zopanda zinzake ndi matayala otha. Mtima wosunga zinthu si woipa, ndipo munthu amene anaona njala ya 2002 ali ndi chifukwa chomveka chokanira kutaya chilichonse. Ngakhale zili choncho, chinthu chowonongeka chimene chadutsa madzinja awiri osapita kwa mmisiri sichidzapitako, pokhapokha mutachinyamula sabata yomweyo. Ndowa yodontha kapena mbaula yothyoka mwendo ipite kwa amisiri a pa Kamuzu Road mawa lomwe, ndipo ngati mmisiri wanena kuti kukonza kwake kuposa mtengo wa yatsopano, igulitseni kwa ogula zitsulo zakutha. Zitini ndi matayala osiyidwa pabwalo amasunga madzi mvula ikagwa, ndipo dera lathu lino lili kale ndi udzudzu wokwanira.

Pali zinthu zina zimene siziyenera kutayidwa mwachisawawa kapena kupatsidwa kwa munthu ngati mphatso. Mabotolo a mankhwala opopera thonje ndi mbewu zina asasanduke mosungira mchere, mafuta ophikira kapena madzi akumwa, ngakhale atatsukidwa chotani. Atsukeni katatu, madzi otsukirawo muwathire m'chopopera, kenaka muwaboole kuti wina asawatole, ndipo funsani alangizi a zaulimi za kumene angatayidwe. Mabatire akufa a sola ndi a galimoto ali ndi asidi ndi mtovu, choncho asasiyidwe poti ana angawaswe, koma agulitsidwe kwa amene amawagula ali athunthu. Mankhwala a kuchipatala otsala kapena otha mphamvu apititseni kuchipatala, osagawira mnansi amene akudandaula mutu. Masikito otha akhoza kutchingira dimba kapena anapiye, koma asapite kunyanja, chifukwa maso ake ndi aang'ono kwambiri moti amakokolola ndi tiana ta nsomba tomwe, ndipo kuwedza nawo n'koletsedwa. Mapulasitiki musawotche pafupi ndi nyumba, makamaka m'miyezi ya mphepo pamene moto umalumphira msanga pa madenga a udzu.

Mapepala

Mapepala musawataye mothamanga, ndipo musapatse ana ntchito yowasankha. Khalani pansi, muwerenge limodzilimodzi. Oyenera kusungidwa ndi chiphaso cha unzika, ziphaso za kubadwa, masatifiketi a MANEB, zikalata za malo ndi za nyumba, kalata iliyonse ya amfumu yochitira umboni za munda, chikalata cha ukwati, makhadi a ubatizo, mabuku a kuchipatala, mapepala a penshoni, bulubuku ya galimoto kapena ya njinga yamoto, mabuku a ku banki ndi a banki mkhonde, komanso chikalata cha imfa. Kapepala kong'ambika kolembedwa pamanja kuti uje wagulitsa munda kwa uje pamaso pa anyakwawa kamaoneka kachabechabe, koma ndi kamene kamadzathetsa mlandu eni nkhani onse atapita kale. Aikeni onse m'mapulasitiki oonekera mkati, muwalowetse m'kachikwama kamodzi kapena m'kachidebe kotseka bwino, ndipo mukasunge pamalo okwera amene akuluakulu awiri a m'nyumbamo akuwadziwa. Lijambuleninso pepala lililonse ndi foni.

Mabanja amene bambo kapena agogo awo anapita ku migodi ya ku South Africa asamale kwambiri. Amuna ambiri a dziko lino anapitako kudzera ku Wenela, bungwe lolemba anthu ntchito za m'migodi limene pambuyo pake linadzatchedwa TEBA. Maulendowo anaimitsidwa mu 1974 ndege yonyamula ogwira ntchito m'migodi itagwa ku Francistown, anadzayambiranso, kenaka anatheratu mu 1988. Mpaka lero anthu amene anagwira ntchitoyo ndi mabanja awo akhala akulondola ndalama zawo, ndipo chimene chimafunsidwa koyamba ndi umboni wakuti munthuyo anagwiradi ntchito kumeneko. Kakhadi kalikonse kokhala ndi nambala ya pa ntchito, dzina la mgodi kapena chidindo kasungidwe, ngakhale katafufuma bwanji. N'chimodzimodzinso ndi foni ya malemu, imene simuyenera kupatsa mwana kapena kuigulitsa musanaone ngati pa nambala yake pali ndalama za Airtel Money kapena Mpamba, ndiponso musanachotsemo zithunzi ndi manambala a anthu.

Makope akale, malisiti a zinthu zimene zinatha kale ndi nyuzipepala zikhoza kuchoka. Koma pepala lokhala ndi dzina la munthu pamodzi ndi matenda ake, ngongole zake kapena nkhani zake za m'banja liwotchedwe. Mapepala otoledwa amathera kumsika kukulungira zitumbuwa ndi usipa, ndipo wogula amawerenga akudya.

Katundu wa malemu

Apa ndi pamene mabanja ambiri amagawanika, choncho musafulumire. Katundu wa munthu womwalira sakhudzidwa ndi munthu mmodzi payekha, ngakhale akhale mwana woyamba kubadwa kapena amene anagula yekha bokosi la maliro. Pakati pa Achewa, maliro akatha pamakhala kumeta, ndipo mkazi kapena mwamuna wotsala amadzasudzulidwa pa nthawi yake. Asilamu, amene ndi ambiri m'mbali mwa nyanja muno, ali ndi masiku awo a sadaka ndi malamulo awo a kagawidwe ka chuma, ndipo shehe ndiye woyenera kufunsidwa. Tsatirani mwambo wa banja lanu, ndipo ngati wamasiye sanakonzeke kutsegula kabati, musamukakamize chifukwa chakuti inu tchuthi chanu chikutha. Chimene mungachite podikira ndi kuteteza katunduyo, kumukweza pa njerwa, kumuchotsa kukhoma, ndi kumuyanika nthawi ndi nthawi.

Dziwaninso zimene lamulo limanena, chifukwa mwambo sungalipose. Lamulo la chuma cha masiye limene linakhazikitsidwa mu 2011 limati munthu akamwalira osasiya wilo, oyamba kuganiziridwa ndi mkazi kapena mwamuna wake, ana ake, ndi amene ankadalira thandizo lake, ndipo wamasiye ali ndi ufulu wokhalabe ndi ziwiya ndi katundu wa m'nyumba mwake. Kulanda chuma cha amasiye ndi mlandu umene munthu angapite nawo kundende. Nkhani imeneyi ikukhudza ntchito yathuyi mwachindunji, popeza alipo achibale amene amabwera ndi mawu okoma akuti tikuthandizeni kuchepetsa katundu, chonsecho akutulutsa bedi, mipando ndi njinga pamaso pa ana. Pakakhala kusamvana pa zinthu zamtengo, pitani ku ofesi ya bwanamkubwa paboma kapena kwa Administrator General, mkulu wa boma woyang'anira chuma cha masiye, ndipo ngati pali kuopsezana, apolisi ali ndi ofesi yothandiza anthu ochitiridwa nkhanza.

Tsiku logawa likakwana, itanani onse oyenera kukhalapo, ndiwo wamasiye, ana onse kuphatikizapo a kwa mayi wina ngati alipo, mwinimbumba, ankhoswe a mbali zonse ziwiri, ndi mboni imodzi yosakhala m'bale, monga anyakwawa kapena mkulu wa mpingo. Amene ali ku Lilongwe kapena ku Johannesburg aimbiridwe foni ya WhatsApp nthawi yomweyo kuti asadzanene kuti zinachitika mseri. Munthu mmodzi alembe m'kope chinthu chilichonse ndi dzina la wolandira. Chimene chimathandiza kwambiri ndi kupatula zinthu zamtengo, monga injini ya boti, njinga yamoto, ng'ombe ndi malata, kuzisiyanitsa ndi zinthu za chikumbutso, monga chipewa, ndodo, Baibulo, mandala ndi wotchi. Zamtengo zitsate lamulo ndi zosowa za ana. Pa za chikumbutso, aliyense atchule chinthu chimodzi chimene akufuna ndi chifukwa chake, kuyambira wamng'ono, ndipo kawirikawiri mudzapeza kuti anthu sakufuna chinthu chofanana monga mmene mumaopera. Awiri akalimbirana chimodzi, achite maere pamaso pa onse. Ana aang'ono amene sangathe kusankha asungiridwe kanthu, ndipo m'kopemo mulembedwe amene akuwasungira. Pomaliza onse asaine, ndipo tsamba limenelo lijambulidwe n'kutumizidwa kwa aliyense.

Zovala ndizo zimavuta koposa, chifukwa zimasunga fungo ndi maonekedwe a munthu. Zichapeni, ziyanikeni padzuwa, zisiteni, kenaka mugawe. Alipo amene amaopa kuvala chovala cha womwalira, ndipo otere musawaseke kapena kuwaumiriza. Aliponso amene mtima umawawawa akaona jekete la bambo awo likuyenda pamsika litavalidwa ndi munthu wina. Ngati muli otero, tumizani zovalazo kwa abale a kutali, kaya ku Nkhotakota kaya ku Dedza, kapena muzipereke kudzera kumpingo kapena kumzikiti kuti zikafike kwa osowa a dera lina. Yunifomu ya bungwe la amayi a kutchalitchi, ya kwaya kapena ya ku ntchito ya boma siyopereka kwa aliyense, ndipo eni bungwe ndiwo angakuuzeni chochita nayo. Zovala zamkati ndi zong'ambika zimatayidwa mwakachetechete ndi akuluakulu. Zitenje za amayi zimene palibe akufuna kuvala, telala akhoza kuzidula n'kusoka zovundikira mapilo kapena chofunda chimodzi cha zigamba, kuti mwana aliyense akhale ndi kachidutswa kake.

M'mabokosi a anthu akuluakulu mumapezekanso zinthu zimene eni ake sanafune kuti zionedwe, monga kansupa, kachithumwa, mizu yomangidwa m'kansanza, makalata a chibwenzi chakale, kapena buku la kuchipatala loonetsa matenda amene malemu sanaulule. Mukapeza zotere musafuule kapena kuzijambula n'kuika pa gulu la banja. Itanani munthu wamkulu mmodzi wosunga chinsinsi, mugwirizane chochita. Mizu yambiri yopezeka motere inali mankhwala a m'mimba kapena a msana basi, ndipo mphekesera za ufiti zikayamba zimathera pa agogo amoyo amene sakudziwa kanthu. Lamulo la 1911, limene likugwirabe ntchito, limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti. Chinthu chilichonse chokhudza gule wamkulu chisiyireni amuna a kudambwe.

Zimene mtima ukukana

Tsopano mwafika pa bokosi lachitsulo lija. Mukalitsegula mumayamba kumva fungo la mankhwala a njenjete losakanikirana ndi la dzimbiri. Pamwamba pali bulangete lolemera la ku Joni, lopindidwa mwa njira yomweyo kwa zaka zambiri moti m'mapindiro mwayera. Pansi pake pali chitenje cha nkhope ya Kamuzu, khadi la chipani la nthawi imene munthu sankalowa mumsika kapena kukwera basi alibe khadi, makobidi obowola pakati a nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland omangidwa pa chingwe, diresi la ukwati limene lasanduka lachikasu, ndi chithunzi cha bambo ataima mowongoka, dzanja lili pa chiwongolero cha njinga yatsopano. Pangodya pali fumbi lofiirira la dzimbiri, ndipo envelopu ya pansi penipeni yamatirira ku chitsulo. Palibe chimodzi mwa izi chimene mungachitche chinyalala, koma n'zoonekeratu kuti bokosilo likuzidya pang'onopang'ono.

Tengani chinthu chimodzichimodzi, mudzifunse ngati mungathe kufotokoza nkhani yake. Ngati simukudziwa mwini wake, chaka chake kapena chifukwa chimene chinasungidwira, ndipo palibe wamoyo amene akudziwa, ndiye kuti mukusunga chifukwa cha mantha chabe, ndipo chikhoza kupita. Ngati nkhani ilipo, dzifunseninso ngati nkhaniyo ikufuna zinthu zonsezo kapena chimodzi chokha. Masuti a bambo akakhala angapo, imodzi imene ankapita nayo kutchalitchi ikukwanira, ndipo pa makope onse a mwana wanu, kope limodzi la sitandade 1 lokhala ndi zilembo zake zopotoka limanena zonse. Malire abwino ndi bokosi limodzi pa banja, lopalidwa dzimbiri, lopakidwa penti, loyalidwa nsalu youma pansi, ndi lokwezedwa pa njerwa kutali ndi khoma. Chimene sichikukwanamo chiyenera kupeza malo pakhoma, pathebulo kapena m'manja mwa munthu. Bokosilo muzilitsegula chaka chilichonse mvula isanayambe, nsalu muziyanika padzuwa, mapepala ndi zithunzi pamthunzi.

Kwa ine, chinthu chimene chikhoza kugwirabe ntchito chimalemekezedwa pochigwiritsa ntchito. Makina osokera a Singer amene amayi anaphunzitsira ana sukulu, akangokhala pansi pa nsalu zaka zochepa kunyanja kuno, amauma ndi dzimbiri mpaka gudumu osazungulira, ndipo pamapeto pake amagulitsidwa pa sikelo ngati chitsulo wamba. Makina omwewo ali m'manja mwa mdzukulu amene akuphunzira utelala amathiridwa mafuta sabata iliyonse, ndipo aliyense wobwera kudzasoketsa amauzidwa kuti anali a agogo. Akuluakulu anati kupatsa n'kuika. Popereka chinthu chotere nenani poyera zimene mukuyembekezera, mwachitsanzo kuti chisagulitsidwe popanda kufunsa banja, kuti pasadzakhale kudandaula patsogolo. Mphatso za pa chinkhoswe ndi pa ukwati zimene simunatsegule n'komwe musachite nazo manyazi, chifukwa wopereka anakwaniritsa kale cholinga chake tsiku lomwelo, ndipo mbale zimenezo zingathandize banja latsopano la mng'ono wanu.

Zithunzi zimafuna chisamaliro chapadera. Zimene zamatirirana musazikoke mwamphamvu, chifukwa nkhope imatsalira pa chinzake. Ziyaleni pathebulo pamthunzi wowala, mujambule chimodzichimodzi ndi foni popanda kuyatsa getsi lake, ndipo muzitumize kwa abale angapo kuti foni imodzi ikatayika zisathere pomwepo. Mukamatumiza pa WhatsApp, sankhani kutumiza ngati fayilo, popeza njira yachizolowezi ija imachepetsa kuoneka bwino kwa chithunzi. Kuseri kwa chithunzi chilichonse lembani ndi pensulo maina a anthu, malo ndi chaka, osati ndi bolopeni imene inki yake imalowerera. Ntchito imeneyi ichitike agogo akadalipo. Khalani nawo pamkeka, muwaonetse chithunzi chilichonse, mutsegule chojambulira mawu cha pafoni, ndipo muwasiye alankhule ngakhale atapatukira ku nkhani zina, chifukwa m'kupatukamo ndi mmene mumatuluka maina a midzi ndi a makolo amene simukanawafunsa.

Zina mwa zimene mungapeze zili ndi phindu kwa anthu ena kuposa banja lanu lokha, monga makalata a amfumu akale, mabuku a kaundula wa mpingo, kapena zithunzi ndi mapepala a anthu amene ankagwira ntchito pa njanji, imene inafika ku Salima mu 1935, ndi pa doko la Chipoka. Musanawotche zotere, funsani ku National Archives, ofesi ya boma yosungira zikalata zakale ku Zomba, kapena ku nyumba yosungira zinthu zakale ya Chamare ku Mua, imene ili pafupi ndi kuno mukatsata msewu wa M5 kulowera ku Mtakataka.

Ngati mwini katundu ali moyo, nkhani yonse imasintha. Musataye zinthu za makolo anu iwo atapita kumunda kapena ali m'chipatala, ngakhale mukuona kuti n'zinyalala, chifukwa munthu wamkulu akabwera n'kupeza kuti mtsuko wake wachoka amamva ngati mwayamba kumugawa akadali ndi mpweya. Mawu akuti "titaye" musawatchule. Mungathe kunena kuti, "Amayi, makoswe akulowa m'chipinda chija, bwanji titulutse katundu timuyanike?" Katundu akakhala pabwalo, funsani mofatsa kuti, "Nanga mbiya iyi, amayi, mungakonde kuti idzakhale kwa ndani?" Makolo ambiri amakondwa kugawa ndi manja awo, kutchula dzina la wolandira ndi kumupatsa malangizo, ndipo chinthu choperekedwa motero sichidzabutsa mkangano. Akakana, asiyeni, mudzayesenso chaka chamawa. Iyi ndi nthawi yabwinonso yowalimbikitsa kulemba wilo, imene imayenera kukhala yolembedwa ndi yosainidwa pamaso pa mboni ziwiri.

Kutulutsa katundu pakhomo

Mulu wa zopatsa ndi zogulitsa usagone m'nyumba kupitirira sabata imodzi, apo ayi zinthu zimayamba kubwerera m'chipinda chimodzichimodzi. Zopatsa zikhale zoyera ndi zogwira ntchito, chifukwa kupereka chinthu chophwanyika ndi kungosamutsira dzala lanu kwa mnzanu. Sukulu za mkombaphala zimalandira mikeka, makapu ndi mipando yaing'ono, ndipo magulu a kumpingo ndi kumzikiti amadziwa okalamba ndi odwala amene akusowa zofunda. Zogulitsa zijambuleni masana, mulembe mtengo ndi chilema chake moona, muziike pa Facebook kapena pa magulu a WhatsApp a m'dera lanu, ndipo musapereke katundu musanaone nokha kuti ndalama yalowa pafoni yanu, popeza mauthenga abodza onena kuti ndalama yatumizidwa ndi ochuluka. Kwa m'bale, sankhani chimodzi pakati pa kumupatsa ndi kumugulitsa pa ndalama ya pompopompo, chifukwa ngongole ya pachibale imabweretsa udani umene mumathawa uja. Pogulitsa zitsulo zakutha imani pafupi ndi sikelo. Ndalama zochokera pa katundu wa malemu zilembedwe m'kope lomwe lija, pamodzi ndi ntchito imene banja lagwirizana, kaya ndi fizi ya ana kaya ndi chiliza.

Patsala katundu wa ana amene anasamukira m'tauni n'kusandutsa nyumba ya makolo mosungiramo zinthu. Sofa yakale, firiji yakufa ndi makatoni a mabuku a ku koleji zimafika pa lole ndi mawu akuti tidzatenga mwezi wamawa, ndipo zaka zimadutsa. Jambulani chinthu chilichonse, mumutumizire mwini wake, ndipo mumuuze tsiku lenileni, monga pa Khirisimasi pamene ambiri amabwera kumudzi, kuti pofika tsikulo adzatenge, kapena anene amene apatsidwe, kapena alole kuti chigulitsidwe ndalama zimutumiziridwe. Uthengawo ukhale wolembedwa ndipo abale ena auone. Tsiku likadutsa mwiniyo ali chete, mukumbutseni kamodzi, kenaka chitani zimene munanena, ndipo mumudziwitse dzina la amene walandira kapena ndalama zimene zapezeka.